Mbale Zinayi za Lolemba

Tayeb anatuluka m'kalasi choko chili mbuu mpaka m'nsidze, akuyenda ngati munthu amene wangotsitsidwa m'basi pakati panjira. Tuda ankamudikira pamthunzi wa khoma la sukulu. Anayesetsa kudzigwira, koma mapewa ake ankagwedezeka okha.

"Ingoseka," anatero Tayeb. "Ungaphulike nazo."

"Keke, Tayeb? Ana a kuno wawajambulira keke ya makandulo?"

"Ndi mmene zilili m'buku!"

"Nanga unamva zimene anafunsa mwana wakumbuyo uja? 'Aphunzitsi, kholali ndi la nkhosa zingati?'"

Tayeb anaphimba nkhope ndi kope lake, kenaka nayenso anayamba kuseka.

Awiriwa ankaphunzira uphunzitsi ku koleji ya ku Errachidia, ndipo mwezi umenewu anatumizidwa kudzayeserera ntchito pasukulu ya pulayimale ya m'mudzi wa Tuda. Tayeb kwawo kunali ku Meknes, mumzinda. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chimuuzireni Tuda zakukhosi, ndipo chimene ankadikira chinali chimodzi: chilolezo cha Si Haddu, bambo a Tuda (kuno "Si" ndi mawu aulemu ngati "Bambo"), kuti makolo ake abwere kudzafunsira mbeta. Kawiri konse Tuda anadzera mwa amayi ake, kawiri konse yankho linabwera lomwelo: "Munthu amene madzi ake amatuluka pampopi ndikambirana naye chiyani?"

Mayi Rkia, mphunzitsi wawo wa masamu ku koleji, anatulukira pakhomo la kalasi akutseka faelo yawo. Anali mayi wamfupi, wamagalasi, amene ophunzira ankamuopa komanso kumukonda.

"Tayeb, mwana wanga, mafulakishoni uli nawo m'mutu. Koma anawa sangalowe m'mutu mwako. Ndibweranso Lachinayi. Upeze chinthu chimene ana a kuno amagawana kale kwawo, uyambire pamenepo. Ukandijambuliranso keke, malikisi ako ndiwagawa panayi, iwe utenga gawo limodzi."

Atachoka, Tuda anamuyang'ana Tayeb mwachiphwete.

"Chimene timagawana kuno n'chimodzi chokha. Ndipo wogawa wake ndi bambo anga."

"Tuda, ukufuna kundipha?"

"Uvale nsapato zosaopa matope."

*

Kwathu kuno munda ukhoza kukhala wako, koma madzi ali ndi nthawi yake. Kasupe ndi mmodzi, ngalande ndi imodzi, ndipo banja lililonse lili ndi mbale zake. Mbaleyo ndi kambale kamkuwa kobooka pansi. Amakayandamitsa m'ndowa, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka kamira. Kakamira, woyang'anira amanga mfundo patsamba la kanjedza n'kukayandamitsanso. Mfundo zako zikakwana, amakutsekera ngalande n'kutsegulira mnzako. Tsiku la madzi ndi mbale 60, ndipo woyang'anira, kwa zaka 19 tsopano, anali Si Haddu.

Lachiwiri ataweruka kusukulu, Tuda ndi Tayeb anawapeza Si Haddu atakhala pamphasa patsinde pa mtengo wa tende, kanjedza wa zipatso zotsekemera, ndowa ili pakati pa miyendo.

"Baba, uyu ndi Tayeb, mnzanga wa ku koleji. Akufuna kuona mbale."

"Mtendere ukhale nanu, Si Haddu," anatero Tayeb, dzanja lili pamtima.

"Nawenso," anayankha mkuluyo osadzutsa mutu. "Mbale ndi iyi. Waiona. Pita bwino."

Tayeb sanapite. Anavula nsapato, nakhala pansi pamphepete pa mphasa. Mbale inamira, Si Haddu anamanga mfundo. Inamiranso. Tayeb anapisa m'thumba kuti atulutse foni ayeze mphindi, koma Tuda anamuponda chala msanga, ndipo analibweza dzanjalo ngati wagwira khala lamoto.

Mbale yachitatu itamira, mkulu uja analankhula.

"Akuti ndiwe katswiri wa masamu. Munthu ali ndi mbale 12, zamira zisanu ndi imodzi. Watsala ndi chiyani?"

"Theka."

"Watsala ndi nkhawa," anatero Si Haddu. "Theka loyamba limathera kunyowetsa ngalande."

Tayeb anatong'ola maso. "Ndiye kuti wa munda wakutali amaluza kuposa wapafupi? Ngakhale mbale zawo zili zofanana?"

Apa m'pamene Si Haddu anadzutsa mutu koyamba. Anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali ndithu.

"Zaka 19 ndikunena zimenezi pamsonkhano wa akuluakulu," anatero. "Sendera kuno. Gwira mbaleyi. Osaiponya ngati mwala! Igoneke pamadzi ngati khanda."

Tuda anabwerera pang'ono, nakhala pamwala. Mtima wake unali mbee. Anaona bambo ake akugwira zala za Tayeb kumusonyeza kamangidwe ka mfundo, akumukalipira, Tayeb n'kumangoti, "Chabwino, Si Haddu," thalauza lake labwino lija litanyowa mpaka m'maondo.

Chimene chinasokoneza ndi njinga yamoto. Anali Assu, msuweni wa Tuda, mwana wa amalume ake a Si Lahbib. Si Lahbib ndi uja wa mitengo ya tende yosawerengeka, uja amakhala pamzere woyamba mumzikiti koma wantchito wake akapempha nsapato amayamba kudwala makutu. Assu wakhala akunena kuyambira ali wamng'ono kuti Tuda ndi mkazi wake, ndipo atakula anaiwala kuti zija zinali nthabwala za pachisuweni.

"Msuweni!" anakuwa osazimitsa njinga. "Mlendo wakoyu wachoka ku Meknes konse kudzaphunzira kutsuka mbale?"

"Iye akuphunzira," anayankha Tuda. "Iwe sitandade 6 unakhalamo zaka zitatu, unatulukamo ndi chiyani? Ndevu?"

"Ndinatulukamo ndi minda, mayi. Choko sichidyedwa."

"Minda ya bambo ako. Yako ndi njingayo basi, nayonso ikutsokomola."

"Assu," anatero Si Haddu mofatsa, "utsi wakowo ukundidetsera madzi."

Assu anamuyang'ana Tayeb kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nalizitsa njinga n'kuchoka fumbi lili koboo.

Dzuwa litapendeka, Si Haddu anapinda mphasa. Analankhula akuyang'ana ndowa.

"Lachisanu make Tuda aphika kusikusi. Tikachoka ku swala kumzikiti ubwere. Kachitsulo ka m'thumbako ukasiye kunyumba."

*

Lachitatu masana Tuda anali pabwalo ndi amayi ake, Lalla Itto, akufikisa ufa m'lichero kukonzekera kusikusi wa Lachisanu, chakudya cha timibulu ta ufa wa tirigu. Foni inali pambali pa mwendo wake, ikungonjenjemera.

"Wakuitana ndani kuti uzingomwetulira ufa?" anafunsa amayi ake.

"Ndi za sukulu, Amayi."

"Sukuluyo ili ndi ndevu zometa bwino." Lalla Itto anawaza madzi mu ufa. "Bambo ako dzulo anadya mbale ziwiri, akungokamba za mnyamatayo. 'Wafunsa za munda wakutali, Itto! Wafunsa yekha!' Ngati kuti wapeza ngamira yotayika. Koma mlongo wanga Lahbib sakondwa. Assu wakamuuza."

"Amalume akondwe asakondwe, wokwatiwa ndine."

"Tsitsa mawu, iwe! Mkamwa mwakomu muli tsabola ngati mwa azakhali ako."

Tuda anapukuta manja natsegula foni.

Tayeb: *Ndaboola kachitini ka sadini ndi msomali. Kakumira bwinobwino m'beseni. Ndine woyang'anira madzi tsopano, uzindilemekeza.*

Tuda: *Woyang'anira wa thalauza lonyowa.*

Tayeb: *Ndikufuna manambala enieni, osati opeka. Mayi Rkia amati mwana akamva dzina la kwawo m'funso, amadzuka. Ndi tsiku liti limene mbale zake zimagawika bwino?*

Tuda anaganiza pang'ono. Mbale za mabanja aliyense amazidziwa, si chinsinsi.

Tuda: *Tenga Lolemba. Ndi la mabanja anayi: amalume 20, mabanja awiri 15 lililonse, lomaliza 10. Onsewo ali ndi ana m'kalasi mwako.*

Tayeb: *Gawo limodzi la magawo atatu, makota awiri, ndi gawo limodzi la magawo asanu ndi limodzi. Zonse pamodzi tsiku lathunthu! Tuda, ndikukwatira.*

Tuda: *Chifukwa cha mafulakishoni?*

Tayeb: *Mbale zanga zonse 60 ndi zako.*

Tuda: *Theka lithera kunyowetsa ngalande.*

"Ufa ukuuma," anatero Lalla Itto osamuyang'ana. Koma nawonso ankamwetulira.

*

Lachinayi Mayi Rkia anakhala kumbuyo kwa kalasi ndi faelo yawo. Tuda anakhala pambali pawo, chifukwa lamulo la koleji linali lakuti wophunzira aliyense azionerera phunziro la mnzake n'kulemba ndemanga.

Tayeb sanagwire choko. Anaika beseni patebulo, nathiramo madzi, nagoneka kachitini kaja pamwamba. Kachitini katamira, ana anakuwa okha popanda wowauza, "Mfundo!"

"Ndani akudziwa tsiku la madzi lili ndi mbale zingati?"

Manja onse m'mwamba, ngakhale a ana amene chiyambire mwezi sanatsegulepo pakamwa.

Kuchokera pamenepo phunziro linangoyenda lokha. Tayeb anajambula mzere wautali pabolodi, n'kuugawa magawo 60. Mdzukulu wa Si Lahbib anabwera monyada nadula magawo 20, ndipo anzake anamusonyeza kuti kadulidwe kotero kakhoza kulowa katatu mumzerewo. Ana awiri a mabanja a mbale 15 anakangana kuti wamkulu ndani, mpaka anadzionera okha kuti aliyense ali ndi kota. Wa mbale 10 anamaliza mzere ndendende pamapeto. Anawomba m'manja. Mayi Rkia ankalemba mofulumira, ndipo Tuda anaona kuti akulemba mawu amene samawalemba kawirikawiri: *Bwino kwambiri.*

Tuda anamuyang'ana Tayeb, nkhope ili ngwee, malaya atadontheredwa madzi, ndipo mumtima anati: uyu ndi wanga, anene anene.

Kenaka kamtsikana kena kakumapeto kanakweza dzanja. Anali Hadda, mwana wa Lalla Mbarka, mayi wamasiye amene mwamuna wake anagulitsa madzi ake onse pamene ankadwala.

"Aphunzitsi, mwatiiwala. Nafenso timathirira Lolemba. Mbale zinayi."

N'zoona, aliyense ankadziwa kuti Lolemba madzulo kamunda ka Lalla Mbarka kamalandira madzi. Koma kwathu kuno sadaka, mphatso ya kwa osauka, safunsa mwini wake. Banja lililonse linkangoganiza kuti ndi lina mwa mabanja anayiwo limene limapatula pa mbale zake mwakachetechete. Munthu wa kuno akanangoti, "Mulungu adalitse wopereka," n'kupitiriza phunziro.

Tayeb si wa kuno. Maso ake anawala.

"Wachita bwino, Hadda! Ndiye mbale zinayizi zikuchoka kwa ndani? Ndani kwawo amathirira zochepera pa zimene talembazi?"

"Ife 20 zimakwana," anatero mdzukulu wa Si Lahbib. "Agogo amawerenga mfundo okha."

"Ife 15."

"Ifenso."

"Ife 10, sizinaperewerepo."

"Tiyeni tiwonkhetse tsono!"

Anawonkhetsa mokweza, mogwirizana, mmene ana amachitira akakondwa. Tayeb analemba ndi zilembo zikuluzikulu: 64/60.

"Taonani! Nambala yapamwamba yaposa yapansi. Fulakishoni yoposa chinthu chathunthu! Tafika pa phunziro la sabata yamawa tisanalifune n'komwe."

"Koma aphunzitsi," anatero mdzukulu wa Si Lahbib akukanda m'mutu, "tsiku lingapose tsiku?"

Belu linalira. Ana anatuluka akuimba, "64 pa 60! 64 pa 60!" n'kubalalika m'tinjira tonse ta m'mudzi. Mayi Rkia, amene nawonso kwawo ndi kutauni, anaimirira n'kumugwira Tayeb dzanja, namuitanira ku ofesi kuti akakambirane malikisi.

Tuda anatsala yekha pabenchi. Tsiku silingapose tsiku. Ndipo womanga mfundo ndi mmodzi.

*

Tuda anawapeza bambo ake m'munda mwawo nthawi ya swala yamasana itangodutsa, akudulira nthambi zouma. Nyimbo ija inali itawafika kale. Ana awiri anali atangodutsa nayo panjira.

"Baba."

"Ndamva."

"Ndi zoona?"

Si Haddu anaika chikwakwa pansi, nakhala pamzere.

"Banja lililonse ndimalimangira mfundo ziwiri pa mbale imodzi. Kamodzi kokha. Wa 20 amathirira 19, wa 15 amathirira 14. Mabanja anayi, mbale zinayi. Zaka zisanu ndi ziwiri, chimwalirire mwamuna wa Lalla Mbarka. Undionetse mtengo umodzi umene unauma."

"Bwanji simunawapemphe?"

"Ndinawapempha. Pamsonkhano, pamaso pa onse. Malume akowo anati wogulitsa wagulitsa. Enawo anayang'ana pansi." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya nduwira. "Ndikudziwa dzina la chimene ndachita, mwana wanga. Usavutike kulifuna."

Tuda anasendera pafupi. "Dzina lake n'chiyani? Madzi a amalume amasefukira mpaka mumsewu, abulu n'kumamwa! Mayi uja ali ndi mitengo isanu ndi kamzere ka anyezi. Wakuba ndani pamenepa?"

"Akuluakulu safunsa za abulu. Afunsa za mfundo."

Asanamalize, njinga yamoto ija inamveka. Ulendo uno Assu anaizimitsa, natsika, napereka moni waulemu wopitirira muyeso.

"Si Haddu, bambo andituma. Akuti mawa ikatha swala ya Lachisanu, nkhaniyi aitula kwa akuluakulu. Mbale ipatsidwe kwa wina, ndipo ngalande ya Lalla Mbarka itsekedwe ndi simenti." Anatsokomola pang'ono. "Koma akutinso iwo si munthu woipa. Nkhani ya m'nyumba sipita kubwalo. Mpongozi sazengedwa mlandu. Tikagwirizana, iwo adzaimirira n'kunena kuti mbale zinayizo amapereka ndi iwo, ndipo nkhani ithera pomwepo."

Ananena akuyang'ana Tuda.

"Ndiye wabwera kudzandigula ndi madzi a mayi wamasiye?" anatero Tuda ataimirira. "Ulibe manyazi, Assu? Mkazi wakukanika kumufunsira ndi pakamwa pako?"

"Ine ndangotumidwa, msuweni. Funso analemba pabolodi ndi mphunzitsi wakoyo, si ine. Yankho lifike swala isanayambe."

"Choka m'munda mwanga," anatero Si Haddu.

Phokoso la njinga litazilala, kunangotsala kulira kwa njiwa m'mitengo. Si Haddu anatola chikwakwa chake, nachiyang'ana ngati sakuchidziwa.

"Sindikupereka kwa Lahbib," anatero. "Zimenezo usaziope. Mbale atenge. Koma mayi uja ndikamuuza chiyani, sindikudziwa." Anapukuta chikwakwacho pamwendo. "Ndipo mnyamata wakoyo asaponde pakhomo panga mawa. Ndinamukhazika pamphasa yanga, ndinamugwiritsa mbale ndi manja angawa."

"Baba, iye sanadziwe! Lolemba ndinamusankhira ndine!"

Mkuluyo anatembenuka pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo Tuda akanakonda akanakalipa.

"Ndiye nonse awiri mwaphunzitsa bwino," anatero, nalowa m'kati mwa mitengo.

Foni inanjenjemera m'thumba la Tuda. Anaitulutsa.

Tayeb: *18 pa 20! Mayi Rkia akuti phunziroli akalionetsa kwa anzathu onse ku koleji. Ndipo usandikalipire: ndalephera kudzigwira, ndaimbira kunyumba kuti bambo ako andiitana. Mayi akuti munthu akakuitanira kusikusi wa Lachisanu ndiye kuti wavomera. Agula kale zibuma ziwiri za shuga, za mwambo wofunsira mbeta. Akwera basi yam'mamawa ndi bambo ndi azakhali anga awiri. Afika mawa swala ikamatha.*

Tuda anawerenga kawiri. Anayamba kulemba, nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Uthenga wina unalowa pansi pake.

*Mayi akufunsa kuti bambo ako amavala nduwira yoyera kapena yachikasu. Akufuna kuwagulira mphatso.*